Tomato wothiriridwa pang'ono: amakomeranji, nanga thupi limapindulapo chiyani?

Amalawi ambiri akangofika ku Joni kuno amadandaula chinthu chimodzi akalowa m'khitchini. Tomato wake ndi wamkulu, wosalala, wokongola pashelefu, koma ukamudula ndi madzi okhaokha. Mphika wa usipa umene kwathu unkakwana ndi tomato awiri a ku Lizulu, kuno umadya anayi, msuzi n'kukhalabe wotuwa. Ena amati vuto ndi mbewu, ena amati amathyoledwa wosapsa n'kusungidwa m'zipinda zozizira, ndipo onsewa sakunama. Chomwe sichitchulidwa kawirikawiri ndi kuchuluka kwa madzi amene chomeracho chinamwa pamene zipatso zinkakula.

Nkhaniyi ndi yathu ndithu. Ambiri mwa ife timagwira ntchito ya m'gadeni m'mayadi a ku Randburg, Fourways ndi Sandton, ena tili ndi kabedi kathu kuseri kwa chipinda cha lendi ku Diepsloot, Cosmo City kapena Rosettenville. Madzi mumzinda uno ndi ogula, ndipo m'miyezi yotentha Johannesburg Water imaletsa kuthirira magadeni kuyambira 6 koloko m'mawa mpaka 6 koloko madzulo. Madziwo amachokera kutali. Rand Water imawatenga kudamu la Vaal, lomwe limalandiranso madzi a m'mapiri a ku Lesotho, ndipo mu 2016 chilala chitavuta damulo linaphwera kufika pansi pa 30 peresenti, malamulo n'kukhwima kwambiri. Pomwe tomato ndi mbewu yaludzu. Bungwe la FAO, lomwe limaona za chakudya ndi ulimi padziko lonse, limati kuchoka powokera mpaka pokolola, pa masiku 90 mpaka 120, amafuna madzi okwana mamilimita 400 mpaka 600. Milimita imodzi ndi lita imodzi pamalo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi. Ndiye kuti bedi la mamita 5 mulitali ndi mamita 2 mulifupi limamwa malita 4,000 mpaka 6,000, zomwe ndi zigubu za malita 20 zokwana 200 mpaka 300. Munthu akamva chiwerengero chimenechi amayamba kudzifunsa ngati angachepetseko osapha mbewu. Akatswiri a ulimi wamthirira akhala akuyesa zimenezi kwa zaka zambiri, ndipo anapeza kuti kuchepetsa madzi mwadala kumasintha chipatso chenichenicho, osati bilu yokha.

Tiyambe ndi masamu pang'ono. Tomato wakupsa ndi madzi pafupifupi 95 peresenti. Pa magalamu 100 alionse, chakudya chenicheni ndi magalamu 5 okha, ndipo pafupifupi theka lake ndi shuga. Motsalamo ndi mmene muli asidi amene amabweretsa kuwawasa, khungu, njere, ndi michere imene thupi limafuna. Matebulo a zakudya a boma la America amaonetsa kuti m'magalamu 100 a tomato wosaphika muli vitamini C pafupifupi mamiligalamu 14, potaziyamu pafupifupi mamiligalamu 237, ndi lycopene, yemwe ndi amene amafiiritsa chipatso, pafupifupi mamiligalamu awiri ndi theka. Tsono tinene kuti chomera chamanidwa madzi pang'ono, chipatso chake n'kukhala ndi madzi 93 peresenti m'malo mwa 95. Poona manambalawo mungati palibe kusiyana. Koma chakudya chenicheni chachoka pa magalamu 5 kufika pa 7, kutanthauza kuti chakwera ndi 40 peresenti. N'chifukwa chake lilime limazindikira msanga. Mafakitale opanga tomato wa m'zitini amayeza zimenezi ndi kachipangizo kodonthezera msuzi wa chipatso, ndipo muyezo wake umatchedwa Brix. Tomato wamkulu wa m'mashopu amakhala pa 4 kapena 5, pomwe ting'onoting'ono tonga phwetekere timafika pa 7 mpaka 10.

Apa ndi pamene ambiri amasokonezeka, kuphatikizapo olemba nkhani amene amangolengeza kuti madzi ochepa amachulukitsa mavitamini. Sobo wothira madzi ochepa amatsekemera kwambiri, koma Sobo amene munatsanula m'botolo ndi yemweyo. Mbali yaikulu ya kukwera kwa michere m'tomato wothiriridwa pang'ono ndi yoteroyo: zinthu zomwezo zapanikizana m'chipatso chaching'ono. Tiyerekeze chomera chimodzi chomwe chamwa mokwanira chabereka makilogalamu 4 okhala ndi chakudya 5 peresenti. Chapereka magalamu 200. China chomanidwa chabereka makilogalamu 3 okhala ndi 6.5 peresenti, zomwe ndi magalamu 195. Pa supuni imodzi wachiwiriyu wapambana, koma pa bedi lonse afanana, kusiyana kwake n'koti wachiwiri wadya madzi ochepa. Kwa ine phindu lenileni ndi limenelo, ndipo ndi lokwanira. Simunachulukitse chakudya, mwangosiya kulipira madzi amene mukanakawaphwetsanso pamoto.

Komabe sikuti zonse ndi kupanikizana. Chomera chimachitapo kanthu. Dothi likayamba kuuma, m'mizu ndi m'masamba mumachuluka mankhwala achilengedwe otchedwa abscisic acid, omwe amachititsa kuti timabowo ting'onoting'ono ta pamasamba titsekeke kuti madzi asathawe. Vuto ndi loti timabowo tomweto ndi tolowera mpweya wa carbon dioxide umene tsamba limapangira shuga pogwiritsa ntchito dzuwa. Chikanakhala kuti zonse zimaima nthawi imodzi, kumana madzi kukanakhala kutaya basi. Mwayi wake ndi woti kukula kwa nthambi ndi masamba atsopano kumafooka msanga kuposa ntchito yopanga shuga. Ludzu likakhala lapakatikati, chomera chimasiya kutambalala koma chimapangabe chakudya, ndipo shuga amene akanapita ku mphukira zatsopano amatsala kuti apite kuzipatso. Kuwonjezera apo, maselo a chipatso amaunjika shuga, asidi ndi potaziyamu mwadala, poti zinthu zimenezi zimakoka madzi ndi kuwagwira. Ludzu likapitirira muyezo, timabowo timatsekeka tsiku lonse, shuga amasiya kupangidwa, ndipo chomwe mwatsala nacho ndi tizipatso tokwinyika ta khungu lolimba.

Vitamini C ali ndi nkhani yake. Chomera sichipanga vitaminiyu pofuna kutithandiza ife, chimadzitetezera naye. Timabowo tikatsekeka dzuwa likuswabe mtengo, mphamvu ya kuwala imasowa kopita ndipo imayamba kuwononga maselo. Vitamini C ndi mankhwala ena a m'gulu la phenolics ndi amene amazimitsa kuwonongekako, n'chifukwa chake kafukufuku wambiri amapeza kuti amakwera m'zipatso za mbewu zomanidwa madzi pang'ono. Palinso njira ina yosalunjika: chomera chosatambalala chimakhala ndi masamba ochepa, zipatso zimalandira kuwala kochuluka, ndipo chipatso chokulira powala chimakhala ndi vitamini C wambiri kuposa chokulira mumthunzi. Pa chifukwa chomwechi, kuthira feteleza wa nayitirojeni wambiri, kaya LAN wa kuno kaya CAN ndi yureya wa kwathu, kumabiriwitsa munda koma kumatsitsa vitaminiyu. Tisakokomeze, komabe. Munthu wamkulu amafuna vitamini C pafupifupi mamiligalamu 45 patsiku malinga ndi FAO ndi WHO, ndipo magalamu 100 a gwafa ali ndi oposa 200. Amene akufuna vitamini C yekha agule magwafa, asavutitse tomato.

Lycopene ndiye wovuta kumulosera. Malo ena amakwera madzi akachepa, malo ena sasintha, kwina amatsika, ndipo chomwe chimasokoneza kwambiri ndi kutentha. Chipatso chimasiya kupanga lycopene chikatentha kupitirira madigiri 30 mpaka 32. Wina anganene kuti Joni si Nsanje, mzinda uno uli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 ndipo mu Januwale masana ambiri amathera cha m'ma 26. Zoona, koma muyezo umenewo ndi wa mpweya pamthunzi. Chipatso chomwe chili pamtetete chimatentha kuposa mpweya ndi madigiri angapo, nthawi zina mpaka 10, ndipo dzuwa la pamalo okwera ngati ano ndi laukali. Mukamana madzi mpaka masamba kufota ndi kuyoyoka, mwavula zipatso. Zotsatira zake ndi tomato wa mapewa achikasu, kapena wa chigamba choyera chopsa ndi dzuwa. Kuwala kumene kumakweza vitamini C kukachuluka kumalanda lycopene. Anzathu amene amakonda kusadzula masamba onse kuti tomato apse msanga aganizirepo bwino.

Tikafika pamphika zinthu zimatembenukanso. Ife tomato timadya wophika nthawi zambiri, wokazingidwa ndi anyezi m'mafuta. Kwa lycopene zimenezo n'zabwino kwambiri, poti moto umaphwanya maselo amene amamutsekera ndipo amasungunuka m'mafuta, kotero thupi limamulandira mosavuta kuposa wa m'tomato wosaphika. Vitamini C ndiye amaonongeka ndi moto, ndipo mphika ukamabwata nthawi yaitali kudikira kuti madzi aphwe, wambiri amapita. Tomato wolimba wa madzi ochepa amagwira msuzi msanga, ndiye amakhala pamoto nthawi yochepa, magetsi kapena gasi n'kupulumukirapo. Lycopene ndi chakudya chabwino chothandiza kuteteza maselo a thupi, koma si mankhwala, ndipo wokuuzani kuti tomato wake amachiza matenda akufuna ndalama zanu.

Pali mchere umodzi umene umayenda mobwerera m'mbuyo madzi akachepa, ndipo ndi umene umalizitsa alimi ambiri: kashiamu. M'chomera muli njira ziwiri. Ina imanyamula madzi ochokera m'dothi kukwera nawo kumene akutuluka ngati nthunzi, makamaka kumasamba. Ina imanyamula shuga kuchoka kumasamba kupita kumene akufunika. Chipatso cha tomato chimalandira madzi ake ambiri kudzera m'njira yachiwiriyi, koma kashiamu amayenda m'njira yoyamba yokha, ndipo akangokhazikika m'tsamba sasamukanso. Tsiku lotentha dothi lili louma, masamba amakoka madzi onse, chipatso n'kutsala. Kumene kumavutika kwambiri ndi kunsonga kwake, kutali ndi kaphesi. Maselo a kumeneko amene akukula mofulumira amasowa kashiamu womangira makoma awo, amaphulika n'kufa. Patapita masiku mumaona chigamba chakuda, chophwatalala, cholimba ngati chikumba kunsi kwa tomato.

Ambiri akaona zimenezi amathamangira kushopu kukagula mankhwala opopera poganiza kuti ndi chiwawu. Si matenda ogwira, palibe kachilombo kalikonse. Ena amakwirira makoko a mazira, omwe amatenga nthawi yaitali kwambiri kuti asungunuke, pomwe nthawi zambiri kashiamu m'dothimo alimo kale, chikusowa ndi madzi omunyamula tsiku ndi tsiku. Kuwonongekaku kumachitika m'masabata awiri kapena atatu oyamba chipatso chitangomanga, ndiye pamene mukuona chigamba mlandu unachitika kale. Mitundu ya zipatso zotalika monga Roma imagwidwa msanga kuposa ya zipatso zozungulira, ndipo zitosi za nkhuku zosawola bwino kapena feteleza wochuluka zimawonjezera vutoli. Kwa wakudya, kuchepa kwa kashiamu m'tomato si nkhani, poti mwachibadwa alimo wochepa, pafupifupi mamiligalamu 10 pa magalamu 100, ndipo matemba odya ndi minga yomwe amapereka wochuluka kutalitali. Nkhani ndi yoti chipatso chowola kunsi chimathera kudzala, pamodzi ndi shuga ndi mavitamini ake onse.

Mnzake wa vutoli ndi kung'aluka. Chipatso chokula paludzu chimakhala ndi khungu lomwe lasiya kutanuka komanso shuga wambiri mkati. Mukabwera ndi payipi n'kukhuthula madzi ochuluka nthawi imodzi, shuga uja amakoka madzi mwamphamvu, mkati mumafufuma, khungu n'kung'ambika. Choncho kuchepetsa madzi ndi kuthirira modukizaduka ndi zinthu ziwiri zosiyana. Choyamba ndi kupereka pang'ono koma mosadumphitsa. Chachiwiri ndi chimene chimatichitikira pampopi pakauma masiku atatu kenako madzi n'kubwera usiku, ife n'kusefukiza bedi pobwezera. Chachiwirichi chilibe phindu lililonse.

Nanga nthawi yabwino yochepetsa ndi iti? Buku la FAO la mu 1979 lofotokoza momwe zokolola zimatsikira madzi akachepa linapereka manambala omwe akugwiritsidwabe ntchito. Pa tomato, nambala ya nthawi ya maluwa ndi 1.1, ya nthawi imene zipatso zikukula ndi 0.8, pomwe ya nthawi ya masamba okhaokha komanso ya nthawi yakupsa ndi 0.4. Tanthauzo lake ndi ili: mukachepetsa madzi ndi 20 peresenti pa nthawi ya maluwa, yembekezerani kutaya pafupifupi 22 peresenti ya zokolola, poti maluwa amayoyoka osamanga. Kuchepetsa komweko pa nthawi yakupsa kumangotayitsa pafupifupi 8 peresenti. Ndipo nthawi yakupsayo ndi imene kukoma kumakhazikika, pamene sitalichi amene chipatso chinasunga chikadali chobiriwira akusanduka shuga. N'chifukwa chake alimi a tomato wa m'mafakitale ku California amachepetsa kapena kutseka madzi kutatsala masabata ochepa kuti akolole. Mbande zongowokeredwa kumene zisamanidwe, koma zikagwira, kuthirira mozama mwa apo ndi apo kumakankhira mizu pansi, ndipo mizu yozama ndi imene idzapirire ludzu lam'tsogolo. Pa kuchuluka kwake, zoyesa zambiri zimaloza kumodzi: kuchotsa gawo limodzi mwa magawo anayi kapena asanu kumakometsa chipatso zokolola osagwa kwambiri, koma kudula theka kumagwetsa zokolola moonekeratu. Pomwe mumathira makeni anayi, thirani atatu.

Malangizowa amayenda bwino pa mitundu ya zomera zazifupi imene imabereka n'kupsa pafupifupi nthawi imodzi, monga Roma, Floradade, Heinz 1370 ndi Rodade, mbewu yomwe inapangidwa konkuno ku Roodeplaat kufupi ndi Pretoria ndipo alimi a kwathu amaidziwa bwino. Moneymaker ndi anzake okwera pamtengo ndi nkhani ina. Pachomera chimodzi pamakhala zakupsa m'munsi, zobiriwira pakati, maluwa kumwamba. Mukamana madzi kuti zam'munsi zikome, mukuyoyola maluwa ndi kuwoletsa tizipatso takumwamba. Pa mitundu imeneyi chepetsani pang'ono zedi nyengo yonse, kapena dikirani mpaka mutadula nsonga ya chomera chakumapeto kwa nyengo.

Ku Australia, akatswiri a ku Adelaide m'zaka za m'ma 1990 anapeza njira yochenjera pa mphesa: kuthirira mbali imodzi ya mizu, ina n'kuisiya iume, kenako kusinthana. Mbali youma imauza chomera kuti chisamale madzi pomwe yonyowa ikuchimwetsa. Njirayi yayesedwanso pa tomato, ndipo amene anazolowera kuthirira m'ngalande kudimba angaiyese mosavuta potsegula ngalande ya mbali imodzi ulendo uno, inayo ulendo wotsatira.

Tsopano chovuta cha ku Joni. Kwathu tomato wabwino wa kudimba amalimidwa m'chilimwe, kumwamba kulibe mtambo, ndipo mwini keni ndiye amalamula. Kuno miyezi yopanda mvula ndi yomweyo ya chisanu chowaula mbewu, kuyambira cha mu Meyi mpaka Ogasiti. Timawokera mu Sepitembala kapena Okutobala, ndiye zipatso zimapsa mu Disembala, Januwale ndi Febuluwale, pakati penipeni pa mvula ya mabingu ya masana, nthawi zina ndi matalala omwe. Mzinda uno umalandira mamilimita pafupifupi 700 pachaka, ambiri m'miyezi imeneyo. Mwakonza bwinobwino zomana tomato madzi, mtambo umodzi wa 4 koloko n'kufafaniza zonse, mawa lake zipatso zili ng'aa. Amene angathe kulamula madzi ndi amene wabzala pansi pa pulasitiki kapena m'mbali mwa khoma lotetezedwa ndi denga. Njira ina ndi kuwokeranso gulu lachiwiri cha mu Disembala kapena kumayambiriro kwa Januwale kuti lidzapse mu Malichi ndi Epulo mvula ikamatha, chisanu chisanafike. Kwa ena tonse, ntchito yaikulu si kumana madzi ayi, koma kusalaza kusinthasintha: bedi lokwera kuti madzi asadikhe, manyowa owola bwino, ndi kuphimbira ndi udzu wouma. Udzu umene timatchetcha m'mayadi a mabwana n'kukautaya ndi wokwanira, bola uyambe wauma ndipo usakhale wopoperedwa mankhwala opha udzu.

Izi zikufotokozanso za tomato wa pamsika. Wambiri amene amafika ku Joburg Market ku City Deep amachokera ku Limpopo, kumadera ofunda monga Mooketsi kumene kuli kampani yaikulu ya ZZ2. Pamsika wa zipatso zosaphika mtengo umatsatira kulemera, kukula ndi maonekedwe, osati Brix. Mlimi aliyense wogulitsa pasikelo sangamane mbewu zake madzi mwadala, ndipo mayi wogulitsa milu pamsewu ku Yeoville amadziwa kuti wogula amaloza mulu wa zikuluzikulu. Kumene tomato wa madzi ochepa amalimidwa ngati bizinesi, pali ogula olipira kukoma. M'mphepete mwa nyanja ku California cha ku Santa Cruz amalima mtundu wa Early Girl osathirira mbewu zikangogwira, ndipo m'mbali mwa phiri la Vesuvius ku Italy muli tomato wamng'ono wotchedwa Piennolo amene amamangidwa m'mikoko n'kupachikidwa kwa miyezi ingapo osawola, chifukwa cha khungu lake lolimba ndi madzi ochepa. Koma kumeneko mizu imatsika pansi kukapeza chinyezi chimene dothi linasunga. Tomato wa m'tayala, m'thumba kapena m'chigubu chodula alibe kolowera. Dothi lake ndi lochepa, limauma tsiku limodzi, ndipo iyeyo ndiye woyamba kuwola kunsi. Wa m'chigubu musamuyese ndi ludzu kufikira zipatso zitayamba kusintha mtundu.

Zinthu ziwiri zimabwera limodzi ndi kuuma. Kangaude wofiira amaswana kwambiri pa mbewu zaludzu m'nyengo yotentha ndi ya fumbi, ndiye muzisuzumira kunsi kwa masamba. Chinanso ndi madzi ochapira amene ambiri timathira m'gadeni posunga a pampopi. Sopo waufa ali ndi mchere wa sodiyamu, ndipo mchere m'dothi umachititsa mizu kuvutika kukoka madzi ngakhale dothi lili lonyowa. Chomera chimamva ludzu lomwelo, chipatso chimachepa n'kutsekemera, kuwola kunsi n'kuchuluka. Amene akuthirira madzi otsukuluzira zovala wayamba kale kumana mbewu zake, asachepetsenso kuchuluka kwake, ndipo madziwo azithira pansi osakhudza zipatso.

Kudziwa ngati mwafika pamuyezo sikufuna chipangizo. Kumbani ndi chala kapena kamtengo masentimita 10, tapani dothi mulifinye m'manja. Likaumbika koma osatulutsa madzi, lili bwino. Likangomwazika, mwachedwa. Masamba ogwa mphwayi 2 koloko masana koma n'kudzuka dzuwa likapendeka alibe vuto, ndipo kupindika pang'ono kwa masamba am'munsi n'kwachibadwa. Koma mukawapeza ofota m'mawa musananyamuke kupita kuntchito, ludzu lapyola. Musasefukize pamenepo. Thirani theka la muyezo wanu nthawi yomweyo ngati 6 koloko isanakwane, theka linalo madzulo, ndipo pasabata imene mwamva kuti kudera kwanu madzi atsekedwa, tungiranitu zigubu ziwiri kapena zitatu za bedi lokhalo n'kuthyoleratu tomato yense amene wayamba kufiira, akapsere m'nyumba pamthunzi.